Matcheni pa Matayala Akumbuyo

Maliro a Kassian anawaika Loweruka, tsiku limene munthu wobadwira kumapiri a ku Tirolo sayenda. Alendo otsetsereka pa chipale amene atha sabata yawo amakhala akutsika, atsopano akukwera, onse msewu umodzi. Koma Valentin anali atalonjeza mnzakeyo m'chipatala kuti limba la pamaliro ake adzaliza yekha, ndipo mwambo unali wa 2 koloko, kutchalitchi cha m'tauni ya pamwamba.

Pokwana 1 koloko galimoto yawo inali itaima pa khona lachisanu. Kutsogolo galimoto ya ku Holande inali itapingasa, mathabwa otsetserekera ali padenga, matayala akungozungulira pamalo amodzi.

"Taonani, Notburga!" anatero kwa mkazi wake. "Matcheni wamanga kumbuyo, pomwe galimotoyo imakoka ndi akutsogolo! Ambuye, anthu awa munawapatsa dziko lopanda ngakhale chulu, akudzafunanji kuno?"

"Akudzadyetsa adzukulu anu kuhotelo. Tsikani mukamuthandize."

"Ndi zala izi? Ndili ndi limba ine."

"Chabwino, khalani. Pamsewu wa ku Yeriko paja odutsa cha kutali analinso ndi ntchito ya kukachisi."

Valentin anatsika akung'ung'udza. Mlendoyo, bambo wamtali wamagalasi, anamuonetsa kapepala ka malangizo.

"Achimwene, pepalalo pindani. Gwirani apa. Apa! Ayi, chala changa chimenecho!"

Zokowera za matcheni sizigwirika ndi magolovesi, choncho anavula. Anagwada m'chipale ndi suti yake yakuda, chitsulo chikuluma ngati moto. Kumbuyo mahutala anali pii! pii! ngati iye ndiye anagwetsa chipalecho. Galimoto itagwira msewu, mlendo anatulutsa chikwama cha ndalama.

"Bwezani. Ingoyendani, ndipo chonde musaimenso kujambula phiri."

Anaimadi kawiri.

Valentin ndi Notburga anafika kutchalitchi belu litasiya kulira, bokosi lili kale kutsogolo. Valentin anakwera makwerero, maondo ali onyowa, n'kuika manja pa limba. Zala zinali zoyera ngati makandulo. Anaziuzira mpweya, anazipana m'khwapa, koma zinakana kupindika. Pansi, Afra, mkazi wa malemuyo, anatembenuka n'kuyang'ana m'mwamba, akudikira.

"Kassian, ukuona zimene andichita alendo ako," ananong'ona. Kwa zaka makumi atatu malemuyo ndiye ankawakweza alendowo pa mipando yoyenda pa chingwe kupita nawo kunsonga ya phiri.

Kenako anakumbukira kuti mapazi alipo. Anaponda zopondera za limbalo, mawu aakulu a pansi anagwedeza mabenchi, ndipo ndi chala chimodzi chokha chimene chinamvera anatola nyimbo ya maliroyo, liwu limodzilimodzi. Mpingo unadzaza mawu otsalawo.

Potuluka, Afra anamugwira manja onse awiri.

"Zikomo, aValentin. Mwaliza monga ankaimbira iye, mopanda zokometsera."

Notburga anatsokomola. Valentin anamuyang'ana.

"Mayi, musayambe."