Anapiye a M'telefoni

Sitiroko itawagwira bambo Florentino, dzanja lawo lamanja linapindika ngati khasu lakale. Njinga imene ankanyamulira anthu kuchokera kumsika wa Milange kukawatula kumalire a Muloza inangotsamira kukhoma. Koma njingayo sinali nkhawa yawo yaikulu. Filipa, mwana wa mlongo wawo, anali atapeza banja, ndipo pa chinkhoswe iwo, monga amalume, ndiwo ankayenera kupereka msoti kwa akuchimuna ndi manja awiri. Kupereka ndi lamanzere lokha kukanakhala chipongwe.

Kuchipatala, namwino Berta anawaikira masewera m'telefoni. Tianapiye tinkabalalika pagalasi, ndipo munthu ankatikokera m'khola ndi chala kabawi asanatiwakhe.

"Dzanja lodwalalo ndilo lizikoka, bambo," anatero Berta. "Tsiku lililonse."

Atabwereranso patapita masabata, namwinoyo anaona kuti masewera afika patali zedi, koma zala zinali zikadali zouma. Anayang'ana mayi Zulmira, akazi a Florentino, amene anali atazolika.

"Mayi, anapiyewa akuwalowetsa m'khola ndani?"

"Ine ndimangothandizako pang'ono," anayankha Zulmira. "Iwowa amachedwa. Ndiye ndizingoonerera kabawi akutha nkhuku pakhomo panga?"

"Amachita kundilanda telefoni," anatero Florentino, akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Amakuwanso kuti swaa! swaa! mpaka nkhuku zenizeni zimathawira m'chimanga."

Berta anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anagwira dzanja la Zulmira mofatsa.

"Musiyeni kabawiyo adye, mayi. Akamadya m'pamene bambo achire."

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse akatha kupemphera, awiriwo ankakhala pakhonde. Zulmira ankakhalira manja ake kuti asamuchimwitse. Kabawi anadya anapiye osawerengeka, mayiyo akungoonerera. Chimene sanaleke n'kutenthetsa madzi oti amuna awo aviikemo zala asanayambe, ndi kuwatsamiritsira telefoni pa mtondo kuti isamagwe.

Tsiku lina kamwanapiye kamodzi kanalowa m'khola. Zulmira analuluta mpaka a Rita apakhomo loyandikana anathamangira kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

"Amuna anga apulumutsa nkhuku!" anatero Zulmira.

"Iti?" anafunsa a Rita akuunguzaunguza pabwalo.

Pa tsiku la chinkhoswe, abale a mnyamata anabwera kuchokera tsidya la Ruo atanyamula tambala wofiira. Filipa anagwada pafupi ndi amalume ake n'kunong'ona.

"Amalume, ngati kukuvuta, ang'ono anu a Alfredo akhoza kukuperekerani."

"Bweretsa kuno, mwanawe."

Anawapatsa msoti. Florentino anaugwira miyendo ndi dzanja lamanja, lamanzere likuchirikiza pansi. Atangoimirira, amayi anayamba nthungululu, msoti n'kudzidzimuka. Unakupiza mapiko, nthenga n'kuuluka. Zulmira anadzuka theka, kenaka anabwerera pamphasa n'kukhalira manja ake, milomo ikuyenda chamumtima.

Zala sizinatseguke. Florentino anayenda pang'onopang'ono, nawerama, n'kuuika msotiwo m'manja mwa nkhoswe ya kuchimuna.

"Talandira, achimwene," inatero nkhosweyo. "Komatu mwaugwira ngati simukufuna kutipatsa."

"Kwathu kuno kuli kabawi woopsa," anayankha Florentino.

Alendo sanamvetse chimene Zulmira anasekera mpaka kudziphimba kumaso ndi chitenje.