Bwalo Lili Pamene Pali Pilo

Lamulo loyamba la ligi ya azibambo a ku Leadville analipanga ndi Rudy Mohar mwini wake, kalekale akadali kugwira ntchito ku mgodi: bwalo la munthu lili pamene pali pilo wake. Mkazi wake Dolores analimva lamuloli kambirimbiri, moti ukanamudzutsa kutulo akanalinena osaphonya.

Ligiyo inali ya besiboli, masewera omenya mpira ndi ndodo, koma ya pa tebulo. Panalibe wothamanga kapena wotuluka thukuta. Azibambo a imvi, ambiri opuma pantchito, ankakumana Loweruka masana m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi ku Leadville, aliyense ndi mulu wake wa makadi a osewera ndi madayisi m'kapu. Wina akaponya madayisi, mitu yonse inkawerama kuona zomwe khadi lanena: kaya womenya waphonya, kaya mpira wawakhidwa, kaya wawoloka mpanda. Kenako mkangano, ngati mpirawo auona ndi maso awo.

Ndiye panali nkhani ya mpweya. Kumapiri kuno ndi mwana yemwe amadziwa kuti mpira womenyedwa kumtunda umauluka patali, chifukwa mpweya ndi wopepuka ndipo palibe choubweza. Mpira umene kunyanja ungagwere m'manja mwa wowakha, kuno umakatera kuseri kwa mpanda. Azibambowo anailowetsa nkhani imeneyi m'masewera awo: nyumba yako ikakhala pamtunda, bwalo lako likomera omenya. Ena ankachokera kumunsi ku Salida, ndipo mmodzi amene anasamukira ku chigwa cha Kansas ankasewera pa foni, bwalo lake litafatsa ngati la sukulu ya mkaka. Koma nyumba ya Rudy inali yomaliza pa msewu wokwera, ndipo chipinda chogona chinali cham'mwamba, pansi pa denga penipeni. Chaka china mpaka anaitana anzake kudzayeza kutalika kwa miyendo ya bedi.

Timu yake anaimanga molingana ndi bwalolo, pang'onopang'ono, monga mmene ena amamangira nyumba. Omenya ankasankha a mapewa, onyamula mpira m'mwamba, ngakhale akhale ophonyaphonya. Owakha a kumpanda ankafuna a miyendo. Oponya ankatenga okhawo amene mpira wawo ukamenyedwa umakwawa pansi.

"Mpira wa pansi sudziwa kuti uli paphiri," ankatero pa chakudya, Dolores atangofunsa ngati mchere wakwana.

Pakati pa timuyo panali khadi la Wendell Crake, amene Rudy ankamutcha Njati. Anali chimunthu cholemera thupi, chosathamanga, chosadziwa kuwakha, koma chikaupeza mpira pa bwalo la Rudy anthu ankangotukwana n'kulemba zigoli. Khadilo linali litafewa m'makona ndipo linali ndi banga la msuzi wa tsabola. Dolores ankati m'banja mwawo ali atatu, ndipo iye ndiye wachitatuyo.

Mpweya womwewo umene unkakomera Njati ndi umene unayamba kumukana Rudy. Fumbi la mgodi linali litakhazikika m'mapapo. Poyamba ankaima pakati pa msewu ngati akuyang'ana mapiri. Kenako kunabwera botolo la mpweya ndi kapaipi ka m'mphuno. Adokotala sanazungulire: munthuyu atsikire kunyanja, kumene mpweya ndi wolemera, apo ayi dzinja lina lachisanu limutenga. Mwana wawo Renee, amene anakwatiwa ku San Diego, m'mphepete mwa nyanja, anali atakonza kale chipinda.

"Sindipita," anatero Rudy.

"Bambo a Renee, mwamva zimene anena adokotala."

"Ndamva. Nanga inu mwamva zimene mpweya wa kunyanja umachita ndi mpira? Ndikafike kumeneko ndi Njati, aliyense akamenya m'mwamba awakha, akamenya awakha. Timu yonse ikasanduka ya nkhalamba zonenepa."

"Ikafanana ndi mwini wake, kupatula kunenepako."

Rudy anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo Dolores anamusisita pamsana mpaka chinadutsa. Ankadziwa kuti nkhani si makadi okha. Mwamuna wake anabadwira pa msewu womwewo, ndipo chilekere ntchito, malo okhawo amene anthu ankamuopabe anali pa tebulo lija. Koma ankadziwanso kuti akangotchula zimenezo, Rudy aumitsa khosi kuposa kale. Anachita mantha, ndipo manthawo ankadya nawo, kuchapa nawo, kupita nawo ku Misa.

Pofika nyengo ya Khirisimasi masitepe anamukanika Rudy. Anatsitsira bedi pa balaza. Woyamba kuliona anali Gilbert Maestas, mchimwene wake wa Dolores, amene ankakhala nyumba zingapo kumunsi pa msewu womwewo ndipo ankagonja kwa mlamu wake kuyambira asanachite dazi.

"Alamu, kodi pilo ameneyu akutani pansi pano?" anafunsa Gilbert, akukutumula chipale chofewa ku nsapato. "Bwalo latsika. Tikachotsereko."

"Ngakhale nditagona pansi pa bedi, ndikadali pamwamba pa denga lanu."

"Tiyeza."

"Yezani. Muyezenso mmene Njati anakuchitirani mwezi watha, mpira uja sunaterebe."

Dolores anawasiya akunyogodolana, koma mawu a mchimwene wake anamupatsa nzeru. Tsiku lotsatira anatsikira kwa Gilbert ndi buledi wa mtedza, potica, atamukulunga m'nsalu.

"Achimwene, lamulo lija lisintheni. Munthu akasamuka chifukwa cha matenda, bwalo lake lizikhala lomwelo. Mukatero apita."

Gilbert anakanda dazi. "Mlongo wanga, lamulo limenelija mwini wake ndi iyeyo. Unayamba waonapo munthu akulanda fupa kwa galu amene analikwirira yekha?"

"Yesani basi. Ine ndatopa kumvetsera mmene akupumira."

Anayesa. Loweruka lotsatira azibambo onse anakweza manja kuvomereza, ndi wa ku Kansas yemwe anati eya pa foni. Rudy anabwera kunyumba nkhope ili gwa, akukoka botolo lake ngati lamulakwira.

"Munapita kwa alamu," anatero.

"Ndinapita."

"Ndiye ndikakhale m'mphepete mwa nyanja, ndikumva mbalame za m'madzi, n'kumanama kuti ndili paphiri? Anthu azindichitira chisoni poponya madayisi? Mayi a Renee, wa ku Kansas uja anatsika nalo bwalo lake osadandaula. Ine ndine ndani?"

"Ndinu mwamuna wanga. Wa ku Kansas ali naye wake womudandaula."

Rudy anakhala pa bedi la pa balaza lija, nayamba kusanja makadi ake pa bulangeti. Dolores anaona kuti waonjeza moto m'malo mouzima, ndipo anadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sanaitchulenso San Diego. Renee akaimba foni ankakayankhira kukhitchini, n'kumuuza kuti bambo ake ali bwino pang'ono, zimene zinali bodza.

Dzinja linali lalitali. Rudy anagonekedwa m'chipatala kumunsi kwa masabata angapo, masewera ake ambiri anaseweredwa ndi ena omugwirizira, ndipo timu ya paphiri inathera pansi penipeni pa ligi koyamba m'mbiri yake. Koma m'ligi imeneyi womaliza ndiye amayamba kusankha makadi atsopano chaka chikamayamba. Atatuluka m'chipatala, Rudy sankalankhula china. M'makadi atsopanowo munali mnyamata wina womenya, Teo Barraza, amene aliyense ankati ndi Njati wachiwiri, koma wothamanga.

Popeza Rudy sakanatha kutsikira ku tchalitchi, tsiku losankha azibambo anakwera okha msewu uja, akupumira m'mwamba ndi kudandaula mawondo, nadzaza khitchini ya Dolores. Kunja dzuwa linkasungunula chipale chofewa pa denga, madzi akudontha pa zenera. Foni ya wa ku Kansas anaitsamiritsa ku botolo la tsabola. Makadi atsopano anawayala pakati pa tebulo, ndipo Dolores anaima pa chitofu akutakasa mphika, msana ataupereka kwa iwo, makutu ali komweko.

"Tisataye nthawi," anatero Gilbert. "Alamu, tengani Barraza wanuyo tizilira tonse pamodzi."

Rudy anakonza kapaipi ka m'mphuno. Anatola khadi la Barraza, naliwerenga nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako analibwezera pa tebulo, natambasula dzanja mpaka kumapeto kwa mzere.

"Lyle Ambry," anatero.

Kuseka kunaphulika m'khitchini.

"Ambry uti? Woponya wowonda uja?"

"Mankhwala aja akupatsani ambiri, alamu. Ameneyo mpira wake uliwonse ukamenyedwa umapita kumwamba. Pa bwalo lanu lino adzatha mipira yonse ya m'tauni."

"Wati ndani?" anafunsa wa pa foni. "Sindinamve bwino. Ndamva ngati wati Ambry."

Dolores anasiya kutakasa. Sanaponyepo madayisi chibadwire, koma zaka zonsezo za kufunsa za mchere n'kuyankhidwa za mpira zinali zitamuphunzitsa zokwanira. Woponya amene mpira wake umapita kumwamba alibe ntchito paphiri. Woponya wotere amafuna malo amene mpweya ndi wolemera, wonyowa, woti mpira ukakwera utope n'kugwera m'manja. Apa anazindikira kuti Rudy akumanga timu ya kunyanja.

Azibambo aja zinawatengera kanthawi kuti azindikire. Barraza anapita kwa wina wa ku Salida, amene anapsompsona khadilo ndithu. Itafikanso nthawi ya Rudy, anatenga kamnyamata kothamanga kamene sikanawolotsepo mpanda. Apa kuseka kunachepa. Gilbert anayang'ana mlamu wake, nayang'ana mlongo wake, navula magalasi.

Rudy anamasula mphira pa mulu wake wakale. Anatulutsa khadi la banga la msuzi, naliwongola ndi chala, nalikankhira kwa Gilbert.

"Mundipatse woponya wanu wamanzere uja. Ndi wowakha mmodzi wa pakati."

"Alamu, ameneyutu ndi Njati."

"Ndikumudziwa. Ine ndikachoka, pilo wa pamwamba pa ligi yonse ndi wanu, ngakhale nyumba yanu ili m'dzenje. Muzimuika wachinayi pa mzere wa omenya, osati wachitatu. Akaphonya katatu musamuchotse, ndi mmene alili. Ndipo oponya anu a m'mwamba aja muwagulitse, mupeze okwawitsa mpira."

"Mpira wa pansi sudziwa kuti uli paphiri," anatero Gilbert.

"Mwaona, zaka zonsezi mumamva. Kungoti dzanja lanu la madayisi ndi lozizira."

Gilbert sanaligwire khadilo. "Lamulo tinasintha kale. Mutha kupita naye."

"Kukamupha ndi manyazi? Ayi. Mmodzi wa ife awiri ayenera kutsala kuno, ndipo iyeyu mapapo ake ndi a pepala."

Palibe anaseka. Gilbert anapukuta dzanja pa malaya, natenga Njati mosamala, namuika m'thumba la pachifuwa osati pa mulu. Wa ku Kansas anafunsanso chimene chachitika, ndipo wina anamuuza motsitsa mawu kuti Rudy akutsika phiri.

Dolores anabweretsa mphika pa tebulo, nayamba kugawa msuzi m'mbale, maso ali pa chipande. Anali wokondwa ndipo analinso ndi chisoni, chifukwa nayenso msewu umenewu unali kwawo. Atafika pa mwamuna wake anaima, dzanja lake pa phewa lowonda lija.

"Ndimuimbire Renee?"

"Muimbireni," anatero Rudy, akuwerenga khadi la Ambry, woponya wake watsopano. "Mumufunse chipinda chija ngati chili cham'mwamba kapena chapansi. Ngati n'cham'mwamba asinthe. Ndipo bedi akalidule miyendo. Mwana wowondayu afunika mpweya wonse umene ungapezeke."