Banzi la Ragna

Makina oyezera thupi ndi amene anandidanitsa ndi Ragna. Aliyense wa ife anagona chagada mphindi makumi awiri, mutu uli m'chigoba cha pulasitiki, kuti ayeze chakudya chimene thupi limawotcha munthu ali phee. Langa linkawotcha makalori 1,350 pa tsiku, la Ragna 1,750. Kungogona chabe!

Ine ndi Ragna tinkapalasa bwato la anthu awiri, m'gulu la opepuka. Lamulo lake n'lakuti awirife tikaphatikizana tisapose makilo 114, ndipo pasakhale woposa 59. Tinali titapitirira ndi makilo atatu, mpikisano wa Denmark yonse utatsala milungu isanu ndi umodzi.

Kochi wathu, a Torben, anawonjezerapo zimene timawotcha popalasa, n'kudulako pang'ono kuti titsike.

"Bodil, iwe uzidya 2,000 pa tsiku. Ragna, 2,500. Amene andigwiritse mwala atuluka m'bwato, ena akudikira."

"A kochi, chilungamo chake n'chiti? Nkhafi timakoka mofanana," ndinatero.

"Ukadandaule kwa amayi ako. Thupilo sindinakupatse ndine."

Nsanje inandigwira, sindibisa. Ine kaloti ndi kabuledi kakuda kopyapyala ngati pepala, mnzanga mbatata, tchizi, ndiponso banzi la sinamoni masana aliwonse, ati nambala yake isaperewere. Ndinkadana ngakhale ndi mmene ankanyambitira zala.

"Ukundiyang'aniranji ngati galu wa kubutchala?" anatero tsiku lina.

"Idya mwakachetechete, ng'anjo iwe."

Mlungu wachiwiri ndinayamba kumubera banzi lija m'chikwama akapita kosamba. Ndinkadyera m'shedi ya mabwato, chiimire. Njala inalipo, inde, koma makamaka ndinkafuna nayenso aione. Sanafunsepo, ine n'kumati wokhuta sawerenga.

M'mawa wa mpikisano tinakwera sikelo. Ine 58.7. Chonsecho ndinayenera kukhala pa 57. Ragna anakwera: 55.3. Ndendende 114! Anatilola.

Tinatsogola mpaka mamita mazana asanu omaliza. Kenako bwato linayamba kulemera. Ragna ankakhala patsogolo panga, ndiye ndinkaona zonse, mapewa akugwa, nkhafi zikulowa m'madzi mochedwa. Mabwato atatu anatidutsa.

A Torben anakalipira Ragna tisanatsike n'komwe.

"Unadzipheranji ndi njala? Nambala yako ndinakupatsa! Lolemba pampando pakopo pakhala wina."

Ragna anangonyamula nkhafi zake. Ine za mabanzi aja sindinaulule.

M'chipinda chosinthira zovala tinatsala awiri, ine ndi Ragna.

"Unkadziwa?" ndinamufunsa.

"Kuyambira tsiku loyamba. Unkabwera ukununkhira sinamoni mpaka m'tsitsi." Anaseka mofooka. "Banzi lililonse limene unkadya linayenera kuchoka pathupi langa, apo ayi sikelo ikanatibweza tonse. Ndinasiyanso mbatata."

"Nanga osandinenera bwanji?"

"Akanachotsa iweyo. Ine ndibwerera msanga, paja ndine ng'anjo. Iwe ndi thupi lakolo ukanalowanso bwato la ndani?"

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Choipitsitsa n'chakuti ngakhale mtima wakewo ndinauchitira nsanje.

Anatsegula chikwama, natulutsa banzi lokulunga m'pepala, n'kuliika pabondo langa.

"Tenga, mnzanga. Lero usavutike n'kuba."

Lolemba ndinakhala pampando wanga, ndikuyang'ana msana wachilendo. A Torben sindinawauzebe mpaka lero.