Chitenje Chotsala pa Chingwe

Tikondane analowa pabwalo la makolo ake ku Utale atabereka mwana wake wamkazi, Luckness, mfundo ya chitenje ili pachifuwa. Bambo ake, a Blasius, anali pakhonde ndi akulu ampingo awiri.

"Kodi akubwerawa ndi amayi a kuti?" anafunsa mokweza, ndipo alendo aja anaseka. "Ine ndinabereka mwamuna. Nayenso wayamba kubereka?"

"Mayi ake akudwala, bambo."

"Masula msanga. Usandichititse manyazi."

Tikondane anamasula chitenjecho. Madzulo omwewo anabwerera ku Liwonde mwana ali m'manja, chitenje atachisiya pa chingwe. Chaka chinatha osapondanso pakhomopo.

A Blasius sanaone cholakwa. Analera mwana wawo mowuma dala, pokhulupirira kuti chifundo chimafewetsa mwamuna. Koma tsiku lina akazi awo, a Ethel, anaika chitenje chija pamiyendo pawo.

"Bambo a Tiko, inu pa malire paja pa Nayuchi munadutsa bwanji?"

Nkhaniyo a Blasius anaifotokozapo kamodzi kokha m'moyo wawo, kwa akazi awo okhawo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene nkhondo ya ku Mozambiki inapha mayi awo. Pothawa, phazi lawo litatupa ndi minga, bambo awo anawabereka masiku awiri ndi chitenje cha malemuwo, akuimba chapansipansi kuti mwana asamve mfuti. Sanaonenso malo abata oposa msana umenewo. Mwezi usanathe, bambowo anamwalira ku msasa wa othawa nkhondo.

"Imene ija inali nkhondo," anatero a Blasius.

"Iyayi, anali bambo. Mwana wanu sakudziwa n'komwe kuti anatengera agogo ake."

M'mawa mwake a Blasius anakwera njinga mpaka ku Liwonde. Tikondane anawalandira mwaulemu wonse, monga amalandirira mlendo, nawapatsa mpando.

"Ndabweretsa chitenje chako," anatero a Blasius. "Undiphunzitse kamangidwe kake. Ndikufuna ndimubereke mdzukulu wanga."

Tikondane analoza pabwalo. Luckness ankathamangitsa nkhuku, akuseka.

"Anayamba kale kuyenda, bambo. Kumbuyo amakana."

A Blasius anapinda chitenje chija mosamala, nachigwira ndi manja awiri.

"Ndiye khala pansi, mwana wanga," anatero. "Ndikuuze za agogo ako."