Nsalu ya Mirriam Inakwera Boti

Mirriam anali pansi pa chigafa akumanga ndindi za fodya pamene Magdalena, mnansi wake, anatulukira m'chimanga atagwira foni ngati wanyamula dzira.

"Amake Chikhumbo, mwaona zimene mng'ono wanu waika pa sitetasi? Anzathu akudyera Pasaka pamadzi."

"M'manja mwanga muli utomoni wa fodya," anatero Mirriam osadzutsa mutu. "Ndigwira bwanji foni ya eni?"

"Ndikugwirirani ine. Maso alibe utomoni."

Mirriam anayang'ana. Pachithunzipo panali boti loyera la nsanjika, ndipo kumbuyo kwake kunali zilumba za miyala ikuluikulu. Thandiwe, mng'ono wake wogwira ntchito ku Lilongwe, anaima pamwamba pa botilo atavala magalasi akuda. Mbali ina kunali mwamuna wake Vinsenti. Mbali inayo kunali Eleanor, mlongo wake wa Vinsenti, akuseka mano onse ali pamtunda.

"Akuti anakwerera ku Monkey Bay, ndipo anagona momwemo," anatero Magdalena. "Muli zipinda, mabedi, mpaka wophika. Ife kuno ku Bowe tikagona pamadzi ndiye kuti denga ladontha."

Andireya, mwamuna wa Mirriam, anasiya masamba amene ankasankha n'kudzasuzumira.

"Mlamu wanga wavala jekete ya pamadzi ngati wokonza msewu," anatero akuseka. "Musadandaule, amake Chikhumbo. Mvula ikabwera ndidzakukwezani ngolo tikawoloke dambo. Nalonso ndi boti, kungoti limakokedwa ndi ng'ombe."

Mirriam sanaseke. Maso ake sanali pa boti kapena pa zilumba. Thandiwe ndi Eleanor anavala nsalu zofanana, zobiriwira za maluwa achikasu.

Chiyambire ali ana, mayi awo, a Nachisale, ankagula nsalu imodzi yaitali n'kuidula pakati, theka la Mirriam, theka la Thandiwe. Kutchalitchi, kuukwati, ngakhale pamaliro a bambo awo, anthu ankawadziwira nsaluzo. Thandiwe atayamba ntchito anatenga udindo wogula, koma lumo linkadutsabe pakati. Lero theka linalo linali m'chiuno mwa mlamu.

Ndindi imene inali m'manja mwake anaimanga mothina mpaka masamba anathetheka.

"Fodyayo sanapite nawo kunyanja," anatero Andireya motsitsa mawu. "Musamuphe."

Mirriam anadzuka n'kupita kunyumba. Anapeza mayi ake pakhonde, miyendo yawo yotupa ataitambasula pamkeka. Kwa zaka zinayi Mirriam ndiye ankaithowa miyendoyo m'mawa uliwonse. Koma alendo akabwera, a Nachisale ankayamba ndi "mwana wanga wa ku Lilongwe," ndipo sopo, shuga ndi bulangete zonse zinkatchulidwa mayina.

"Thandiwe walankhula?" anafunsa, monga ankafunsira tsiku lililonse.

"Mwana wanu wapeza mchemwali wina. Ali kunyanja ndi Eleanor, avala nsalu imodzi."

"Wakuuza yekha?"

"Ndaona pafoni ya a Magdalena."

"Foni ya a Magdalena ikugwira, yathu ayi?" A Nachisale anamuyang'ana kanthawi. "Sabata zitatu tsopano ukungoti netiweki palibe. Kodi chulu chija chinagumuka?"

Pakhomopo foni inali imodzi, ndipo inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Mirriam ankakwerapo pafupifupi tsiku lililonse kukaona mauthenga a kalabu ya fodya. Mauthenga amawu ochokera kwa Thandiwe ankafika, koma iye ankawadumpha. Womaliza umene anamvetsera unali wa mwezi watha. Thandiwe ankasimba za firiji yatsopano, kenaka anati, "Achemwali, ndikutumizirani mafuta odzola, manja anu aja akufanana ndi khungwa la mtengo." Ananena moseka. Mirriam anayang'ana manja akewo tsiku lonse, ndipo kuyambira pamenepo sanatsegulenso uthenga wake uliwonse.

Analowa m'nyumba, anatenga foni, n'kulunjika kuchulu. Dzuwa linali pamutu. Ali pamwambapo ankaona mapiri a Ntchisi ali mbuu chapatali, ndi madenga a zigafa mudzi wonse. Mawu anali atawakonza kale: kuti wothowa miyendo ndi wina, wokwera boti ndi wina, kuti mlamu ndi mlamu, tsiku la mavuto sadzabwera kudzachapa zofunda za amayi.

Atatsegula dzina la Thandiwe anapeza mauthenga asanu akudikira. Anaganiza zoyamba wawamvetsera, kuti apezemo mawu ena omubwezera nawo. Anadina woyamba.

"Achemwali, khalani pansi kaye musagwe pachulupo. A Vinsenti apeza malo atatu pa boti lija lozungulira ku Cape Maclear. Linyamuka Loweruka la Pasaka, tigona usiku umodzi pamadzi, Lamulungu tibwerera. Iwo amati titenge Eleanor, ine ndakana. Ndati malo achitatuwo ndi a mkulu wanga, sanaonepo nyanja chibadwire. Mukavomera ndiwapempha azakhali a ku Malomo adzakhale ndi amayi. Fodya a Andireya asankhe okha, sangafe."

Mirriam anakhala pansi pa dothi lotentha.

Wachiwiri unali waufupi. "Nsalu ndagula, yobiriwira. Ndadula kale. Yanu ndaipinda, ili m'chikwama."

Wachitatu: "Achemwali, ndikuona kuti mauthenga akufika. Kodi ndinakulakwirani? Ndimafuna kutuma a Magdalena, koma mukuwadziwa, dzuwa lisanalowe mudzi wonse udziwa kuti simukundiyankha."

Wachinayi unali wa Lachisanu. Mawu a Thandiwe anali otsika. "A Vinsenti akuti malo sangapite pachabe. Eleanor apita. Waona nsalu m'chikwama wandipempha kuti afunde, ndasowa chonena. Ndamubwereka chabe. Ndikaichapa."

Mirriam anakhala nthawi yaitali chala chili pamwamba pa uthenga wachisanu. Nyerere zinkayenda pa phazi lake koma sanazisase. Pansi, Andireya anali ataima pakhomo la chigafa akumuyang'ana, dzanja lili pachipumi. Mirriam anadikira kuti uthengawo utsike wonse m'foni, ndipo anatsika osaumvetsera.

"Mwawakalipira?" anafunsa Andireya atakumana pakhola.

"Anandiitana. Sabata zitatu zapitazo. Malo aja anali anga."

Andireya anatsegula pakamwa, mwambi uli kale pamlomo. "Paja safunsa anadya..." Ataona nkhope ya mkazi wake anaumeza. "Amayi muwauza chiyani?"

Funso limenelo ndi limene linkamulemera Mirriam potsika. Akanatha kufufuta mauthengawo. Mayi ake sakanakwera chulu ndi miyendo imeneyo, ndipo Thandiwe si munthu woneneza. Nkhani ikanatsala momwe inalili: mwana wa ku Lilongwe anaiwala mkulu wake n'kuveka mlamu. Kwa kamodzi, pakhonde paja pakanatchulidwa dzina la Mirriam.

Anafika pakhonde n'kukhala pamphepete pa mkeka.

"Amayi, netiweki inalipo masiku onsewa."

"Ndimadziwa," anatero a Nachisale. "Ukamatsika pachulu umabwera ndi mitengo ya fodya ya dzulo. Ndimati kapena amakuuza ndi akhwangwala."

Mirriam anaika foni pakati pawo n'kuyambira pa uthenga woyamba. Mayiwo anamvetsera onse anayi akusisita bondo. Kenaka Mirriam anadina wachisanu.

"Achemwali, kwacha kuno. Ena onse akadagona. Boti laima pakati pa zilumba ziwiri, madzi ake mukuona mpaka pansi, tinsomba ta buluu ndi tachikasu tikungozungulira miyala. Dzulo woyendetsa amaimba mluzu n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzatola ngati nkhuku zathu zija. Ine ndasanza kawiri, musawauze amayi. Eleanor amaliza mkonono kuposa ng'ombe. Poti simunabwere, imvani madzi."

Thandiwe analeka kulankhula. M'foni munangomveka madzi akumenya m'mbali mwa boti pang'onopang'ono, chingwe china chikulira, ndi mbalame patali. Zinatenga mphindi yathunthu. Nkhuku imene inkatola madeya pabwalo inaima n'kupendeketsa mutu.

"Ndiye nyanja imeneyo?" anafunsa a Nachisale.

"Ndi imeneyo."

"Ikumveka ngati munthu akutsuka mbale." Anakankhira foni kwa Mirriam. "Bwereza."

Mirriam anabwereza. Utatha, mayi ake anatambasula dzanja n'kugwira lake, n'kulitembenuza kuti aone chikhatho chakuda ndi utomoni, chong'ambika m'mizere.

"Mafuta amene anatumiza aja unaika kuti?"

"Ali pansi pa sutikesi. Sindinatsegule."

"Iwe ndi zosatsegula." A Nachisale anasiya dzanjalo. "Uja ndimamutchula chifukwa ali kutali. Munthu satchula mwendo umene akuyendera. Pita ukamuyankhe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Mirriam anakweranso chulu. Anagwira foni pafupi ndi pakamwa, nayamba kawiri konse n'kufufuta. Kachitatu anangonena zimene zinabwera.

"Thandiwe, ndine. Ndamva onse lero. Mlandu ndi wanga, ndidzakuuza ukabwera. Nsaluyo usaichape. Ubwere nayo momwemo, ndimve fungo la nyanja."

Anatumiza, n'kukhala pamenepo mpaka ataona kuti wafika. Kenaka anatsika, anadutsa pachigafa osaima, n'kukakoka sutikesi pansi pa bedi.