Konkire Sidziwa Sabata

Ntchito yoyamba imene kampani inapatsa Rhodah Lukonde kuti aiyang'anire yekha ngati injiniya inali yokonzanso nyumba yakale yodyeramo ophunzira pa yunivesite ina ya ku Woodlands, kuti musamukire madipatimenti atatu. Aphunzitsi a madipatimentiwo anali atatha zaka ziwiri akupsa m'makontena kuseri kwa laibulale, ndiye aliyense ankamulonjera Rhodah ndi manja awiri. Aliyense kupatula mayi Namakau.

Mayi Namakau anali mlembi wa dipatimenti ya mbiri yakale, mkazi wamasiye wa ku Kabwata, wa mpingo wa Pentekosite, ndipo pakamwa pawo sipankatopa. Kontena yawo inayang'anana ndi malo omangawo, moti fumbi lonse linkathera pa mapepala awo. Tsiku silinkadutsa osaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ba injiniya, fumbi yanu yangena futi mu tiyi yanga. Muzasiliza liti kansi?"

Rhodah ankangoti, "Pepani, amai," koma mumtima akulakalaka mayiwo atapuma pantchito mawa lomwe.

Iye anakulira ku Chelstone, m'nyumba ya bambo Saul Lukonde, mkulu wa mpingo wa Adventisti, momwe dzuwa likangolowa Lachisanu ngakhale ayironi inkazimitsidwa. Ali pasukulu anabwerezapo chaka chathunthu chifukwa chokana kulemba mayeso Loweruka, ndipo sanadandaule. Pamalo ake omanga Loweruka sipankaoneka munthu, poti lamulo silinena iwe wekha, limatchulanso wantchito wako. Abwana ake anavomera zimenezi monyinyirika, atanena poyera kuti tiona ngati munthu wa Sabata angayendetse ntchito yomanga.

Tsono galimoto ya konkire imene ankaiyembekezera Lachitatu inafika Lachisanu masana. Denga lakale anali atasasula kale, moti pansi patsopanopo panali pamtetete, dzuwa la Okutobala likuwomba mosachita manyazi. Konkire yatsopano ili ngati khanda: masiku oyambirira imafuna madzi pafupipafupi, ikauma msanga imang'aluka. Anathira, anasalaza, anadikira kuti igwireko. Atangoyamba kuinyowetsa ndi kuifunditsa mapulasitiki, magetsi anazima, pampu inaima. Anayamba kutunga m'thanki ndi ndowa, koma dzuwa linalowa atangofika pakati.

"Siyani, yendani kunyumba," anatero Rhodah.

Kapitawo anayang'ana theka losafundalo, n'kumuyang'ana iye. Onse anatula ndowa n'kumapita.

M'mawa mwake kutchalitchi Rhodah anangokhalako thupi. Nyimbo zinaimbidwa, ulaliki unadutsa, iye akungomva malata akuthetheka ndi dzuwa pamwamba pake. Ankadziwa bwino zimene zinkachitika ku Woodlands. Konkire ikang'aluka ndiye kugumula, aphunzitsi miyezi ina m'makontena, ndipo abwana aja akanapeza ponenera kuti tinanena ife. Akapita kukathirira, ndiye kuti chaka chija anabwereza pachabe. Mwana wa mkulu wa mpingo anagwira njakata.

Pa chakudya chamasana madzi anafika m'khosi. Anadzuka, anavula nsapato za kutchalitchi, anavala majombo, n'kutenga makiyi a galimoto.

"Uyenda kuti, mwana wanga?" anafunsa bambo ake.

"Nibwela manje-manje, atate."

Bambo Lukonde anayang'ana majombowo n'kupitiriza kudya. Bola akanakalipa. Rhodah analira njira yonse, kudutsa Kabulonga mpaka pachipata cha yunivesite, ndipo anali ndi manyazi ngati wakuba.

Atalowa mumpanda wa malata anaima chilili. Theka lija linali litafunditsidwa ziguduli ndi makatoni, zonse zonyowa, madzi akuyenderera m'mbali. Kuchokera kuthanki kunkabwera mayi Namakau, opanda nsapato, chitenje atamanga chothina, ndowa ili pamutu. Anaitula, n'kugwira m'chiuno monga mwa masiku onse.

"Ba injiniya, mwabwela kuchita chani kuno? Lelo si siku yanu yopumula?"

"Konkili, amai. Nenze nayopa kuti..."

"Konkili ninaiona pa windo, mwamene munaisiyila pakati. Amuna banga benze bomanga manyumba. Silabu ya nyumba yathu ku Kabwata nine nenze kuthilila, na mwana kumbuyo. Nati uyu mwana aliko na mutu, koma konkili siziba Sabata. Masaka natenga ku maliketi ya Soweto kuseni-seni, ba gadi banisegulila."

Rhodah anawerama n'kutukula chiguduli chimodzi. Pansi pake konkire inali yoderako, yozizira, yopanda ngakhale kamng'alu.  Mayi amene iye ankawathawa akawaonera patali anali atasenza madzi kuyambira m'mawa padzuwa lotere, pa msinkhu wawo, popanda wowatuma. Anatambasula dzanja kuti awalandire ndowa, koma iwo anaikokera kumbuyo.

"Siyani. Mwafika apa na manja yoyela, muzabwelela nayo yoyela. Simunanitume, ndiye palibe mulandu wanu. Ine siku yanga ni pa Sande. Pa Sande nizankala ku chechi, imwe mubwele kuseni muthilile."

"Amai, nizakuyamikani bwanji?"

"Munipase ofesi yamene ilibe ming'alu. Nalema na kontena ine."

 Rhodah anagwada pamatope pomwepo, ndi diresi lake la Sabata, n'kuomba m'manja monga anamuphunzitsira mayi ake. Mayi Namakau, amene sankasowa chonena ngakhale pamaso pa akuluakulu a yunivesite, anayang'ana kumbali n'kumakonzakonza chitenje chawo.

"Imani, muzaononga dilesi. Yendani, zuba ikalibe kungena."

Anafika ku Chelstone dzuwa litapendeka. Bambo ake anali pakhonde, Baibulo lili pamiyendo koma losatsegula, ndipo zinkaoneka kuti akhala choncho kuyambira pamene iye anachoka. Rhodah anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Wagwila nchito?" anafunsa motsitsa mawu.

"Iyayi, atate. Nenze nayenda kukagwila, siningakuname. Koma napeza munthu anigwilila kudala."

Anawafotokozera zonse, za pampu, za ziguduli, za ndowa imene anamukaniza. Bambo Lukonde anamvetsera mpaka kumapeto. Iwowa anali munthu amene kwa zaka zambiri ankanena za anthu opemphera Lamlungu ngati ana osochera ofunika kuwamvera chisoni. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira, kenako anaitana a m'nyumbamo kuti abwere ku pemphero lotsekera Sabata.

Onse atagwada, bambowo anatsinzina, n'kutsegulanso maso.

"Rhodah, zina yao bamai aja nindani? Nifuna nibachule bwino."