Bala la Mkungudza wa pa Chambe

Chiswe chinadya mtanda wa denga la Christobel mpaka mkati munangotsala fumbi. Mvula inali pafupi, ndipo ana anayi ankagona pansi pa mtandawo.

Mwamuna wake, Filipo, ankasenza matabwa kuchokera paphiri la Chambe kutsikira nawo kumunsi. Lamulo la m'nkhalango ya boma aliyense ankalidziwa: mkungudza wouma cheka, wamoyo usaukhudze. Wogwidwa ntchito inkamuthera pomwepo.

Sabata imeneyo Christobel anakwera phiri ndi amayi anzake kukalambula njira yotchinga moto. Atapatuka kukamwa madzi kukhwawa, anapeza Filipo akusenda khungwa la mkungudza wamoyo mozungulira, atafika kale theka.

"Bambo a Millie, mukutani?"

"Ndikuuthandiza kufa. Ukauma ndi wololedwa. Mkungudza chiswe sichidya, ukudziwa iwe."

"Uuma liti? Chaka chamawa? Denga likugwa mwezi uno. Akakuchotsani ntchito, ana adzadya khungwalo?"

Christobel anamulanda nkhwangwa. Anakanda dothi la kukhwawa n'kumata balalo monga ankachitira ndi mango wake mbuzi zikaukukuta, kenako anang'amba m'mphepete mwa nsalu yake n'kumanga. Ali mkati momanga, anatulukira a Bizwick, mlonda wa nkhalango. Filipo anangoti njo, maso pansi.

"Mtengowu wadwala chiyani, mayi?"

"Wavulala. Ndikuumanga."

"Wauvulaza ndani?"

"Chitsiru china chake. Denga lake likufuna kugwera ana, ndiye mutu sukugwira."

A Bizwick anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana Filipo, anakhudza dothi lija ndi chala.

"Mitengo iyi kwina kulibe, ndi phiri lino lokha," anatero. "Uwu unamera agogo anga asanabadwe. Chitsirucho mukachiuze kuti kumunsi kwa khwawali kuli wina umene unagwa ndi moto wa chaka chatha. Ocheka anasiya nthambi zikuluzikulu, palibe akuzifuna. Koma inu mayi, muzibwera kudzamata pano mpaka bala litapola. Ukauma, ndidzakumbukira nkhope ya chitsirucho."

Madzulo Filipo anatsika atasenza nthambi yowongoka, fungo lake lili guu njira yonse. Christobel ankabwera pambuyo ndi khasu, mawondo akuwawa.

"Ana anayi sanandikwane," anadandaula, "mwandiwonjezera wachisanu, pamwamba pa phiri. Yendani msanga, mtandawo ukwere lero."